Kabokosi Kokweza Injini Kanadulitsa Mwendo wa Mlamu Wanga

Mlamu wanga lero amayendera ndodo, mwendo wake wakumanzere unathera m'bondo, ndipo amene ndinam'fikitsa pamenepo ndine. Tsiku limenelo sindinalawe mowa, sindinkathamanga, ndipo m'zaka zonse zimene ndakhala pa chiwongolero ndinali ndisanagundepo munthu ngakhale mbuzi. Chinandigwetsa ndi kabokosi kakang'ono ngati sopo wosambira, kamene ndinalumikiza ndi manja anga mu pikapu yanga ya dizilo. Inu owerenga, makamaka anzanga amene muli ndi galimoto ndipo dzanja lanu silichedwa kutola pulayala, ndikukupemphani kuti mumve mmene zinayendera.

Ndinakulira m'malayini, nyumba za antchito, pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Thyolo, kufupi ndi Makwasa. Ntchito ndinayambira pa thirakitala, kututa masamba kuchokera ku sikelo kupita ku fakitale, kenako anandikweza n'kundipatsa lole. Nditasiya ntchito ya pa esiteti ndinagula pikapu yakale yochokera kunja, ya giya yosintha yokha imene timati otomatiki. M'dzinja, tiyi akamaphuka kwambiri, ndinkanyamula masamba a alimi ang'onoang'ono ndipo ntchito sinkasowa. Vuto linali nyengo yozizira. Tiyi sakula, minda yambiri amaidulira, ndipo galimoto imatha kukhala pabwalo sabata yonse nkhuku zikuusa pansi pake. N'chifukwa chake ndinagula masipika akuluakulu, maikolofoni ndi inveta, makina otenga moto wa batire ya galimoto n'kuusandutsa magetsi onga a m'nyumba. Ndinayamba kuyenda m'maukwati, m'zinkhoswe ndi m'misonkhano ya mipingo, kumadera kumene magetsi sanafike.

Masipika aja ankadya moto kwambiri. Galimoto ikaima, injini imangolira pang'onopang'ono, ndipo moto umene imabwezera mu batire umachepa poyerekeza ndi umene zoimbira zikukoka. Tsiku lina pa ukwati wa ku Chimaliro, mkwati ndi mkwatibwi akulowa movina, amayi akululutira, nyimbo zinangoti zii. Injini nayo inazima. Pikapu ya otomatiki silira ndi kukankha, ndiye tinadikira mpaka munthu wina anakwera kabaza kukabwereka batire ya minibasi. Anthu anaimba ndi pakamwa ukwati n'kupitirira, koma ine ndinachoka pamenepo nkhope ili pansi. Kuyambira apo ndinkaika njerwa pa chopondera moto kuti injini izilira mokwera. Njerwa nayo inali ndi zake. Ikasendera kutsogolo injini inkakuwa n'kuthira anthu utsi wakuda, ikasendera kumbuyo batire inkatsika.

Msuweni wanga amene amagwira ntchito m'galaja ku Joni ndi amene anandiuza pa foni kuti kuli kabokosi kopangidwira vuto lomweli. Ukakalumikiza ku mawaya a chopondera moto n'kudina kabatani, injini imakwera yokha n'kukhazikika pamenepo galimoto ili chiimire, batire n'kumadzaza bwinobwino. Ananditumizira pa basi. Kanafika sabata imene kuchikazi kunali chinkhoswe, ndipo ndinaona ngati Mulungu wandiyankha.

Chinkhoswecho chinali cha Mphatso, mwana wa mlamu wanga Esinati. Esinati ndi mng'ono wa mkazi wanga. Mwamuna wake anapita ku Mozambique kalekale osabwerako, ndipo ana analera yekha ndi dengu la tiyi kumsana. Pothyola tiyi anali wachangu moti akapitawo ankalimbirana kuti akhale m'gulu lawo. Ine ndi iye tinkaseleulana monga achitira alamu. Pondipempha masipika anandiuza kuti ndikadzazimitsa nyimbo ngati ku Chimaliro, adzandilanda mkulu wake n'kukam'patsa mwamuna wokhala ndi jenereta. Tinaseka, koma mawuwo anandilowa.

Lachisanu m'mawa ndinapita ku Luchenza kwa a Jafali, amene amakonza za magetsi a galimoto kuseri kwa siteji ya minibasi. Kabokosi anakaika osavuta, pansi pa dashibodi mbali ya wokwera, koma titadina kabatani sikanachite kanthu. Anafufuza ndi kababu kawo koyesera n'kupeza chifukwa. Kabokosiko kali ndi mawaya awiri oteteza. Wina amapita ku handibuleki, ndipo ngati handibuleki sinakokedwe kabokosi kamakana kugwira ntchito. Winayo amapita ku buleki ya phazi, kuti ukangoiponda injini itsike nthawi yomweyo. Mu pikapu yanga kaswichi ka handibuleki kanali kakufa kalekale. Getsi lake pa dashibodi ndinali nditaiwala n'komwe kuti linkayaka. A Jafali anati kaswichiko ayitanitsa ku Limbe, ndibwerenso sabata yamawa adzamalizire mawaya onse limodzi.

Ndinawachonderera kuti angokapusitsa kabokosiko kagwire ntchito mawa lokha. Anapukuta manja ndi chisanza n'kundiyang'ana.

"Achimwene, galimoto iyi mumanyamulira anthu. Zimenezo ine ayi. Za mawa bwerekani batire ina muike pambali."

Nthawi ya mapemphero inali itakwana, ndiye anatseka chitseko n'kulowera ku mzikiti. Ine ndinanyamuka ndikung'ung'udza kuti mkuluyu akungofuna kundiyendetsa maulendo.

Nditafika kunyumba ndinaimika pikapu pafupi ndi mtengo wa mapeyala n'kuyamba kufufuza mavidiyo pa foni. Sizinatenge nthawi. Ndinapeza munthu wina wakunja akuonetsa kuti ukagunditsa waya wa handibuleki ku chitsulo cha galimoto, kabokosi kamaona ngati handibuleki ndi yokoka nthawi zonse. Ndinachita chomwecho. Waya wa ku buleki ya phazi unandizunguza mutu, chifukwa pansi pamenepo pali mtolo wa mawaya amitundumitundu ndipo sindinadziwe wolumikizako. Ndinangoudula, kuukulunga tepi n'kuukankhira mkati. Kabatani kanali ndi waya waufupi wosafika mbali yanga, choncho ndinakamata ndi tepi m'munsi mwa dashibodi, pamene wokwera amaloza mawondo.

Nditadina, injini inakwera n'kukhazikika, mawu ake osalala bwino. Ndinayatsa masipika, nyimbo zinamveka mpaka kutsidya, anthu oyandikana nafe anatuluka kudzaona. Ndisakunamizeni, ndinadzimva kukoma. Ndinkati mumtima ntchito imene a Jafali amafuna sabata yathunthu ine ndaimaliza madzi a tiyi asanawire.

Madzulo omwewo, dzuwa lisanalowe, ndinafuna kusuntha galimoto kuti ndipakire mipando. Kabatani ndinaiwala kuzimitsa. Nditangolowetsa giya, pikapu inadumpha ngati yalumidwa ndi mavu n'kukagunda mgolo wa madzi umene unali pakona ya nyumba. Ndinaponda buleki ndi mphamvu zonse koma injini sinatsike, matayala akumbuyo ankangokanda dothi. Ndinatambasula dzanja n'kudina kabatani, poti mpando wa wokwera unali wopanda munthu. Zonse zinakhala bata.

Mkazi wanga, amake Tadala, anali pakhonde akusankha nyemba za mawa. Anayang'ana mgolo wophwanyikawo, madzi akuyenderera pabwalo, kenako anayang'ana ine.

"Bambo a Tadala, pamenepo pakanakhala mwana?"

Ndinamuyankha kuti ndi nkhani yongokumbukira kuzimitsa, ndipo Lolemba ndipita kwa a Jafali. Ndinamuuzanso kuti asauze munthu, angayambe kuopa galimoto yanga. Inu owerenga, pamenepa ndinali nditaona ndi maso anga chimene kabokosi kameneka kangachite. Kukachotsa inali ntchito yongomasula waya. Sindinakachotse chifukwa ndinkafuna kuti mawa lake anthu anditame.

Chinkhoswe chinachitikira pabwalo la mpira la kumalayini kumene Esinati ankakhala, pamwamba pa chitunda. Nyimbo zinayamba m'mawa ndipo sizinadukepo. Injini inkangolira mofanana, batire ili yodzaza. Pa nthawi yofupa, Esinati anavina kutsogolo kwa amayi anzake a m'munda atamanga chitenje chatsopano m'chiuno, ndipo podutsa pafupi ndi pikapu anandikuwira kuti mkulu wake ndikhoza kukhala naye chaka china. Ndinali ndisanamuonepo wosangalala chotero.

Chakumadzulo chiperoni chinayamba kutsika. Nkhungu inaphimba mitengo ya bulugamu ya m'malire mwa minda, kamvula kowaza n'kuyamba, anthu n'kubalalika. Kabatani ndinazimitsa, ndipo ndinabwerezanso kuyang'ana kuti nditsimikize. Tinapakira masipika, mapoto ndi mphatso zoti zikasungidwe kumudzi kwa apongozi anga, kutsidya kwa mtsinje. Amayi angapo a kumudziko anakwera kumbuyo. Amake Tadala anatsalira kuti athandize kutsuka ziwiya.

Apongozi miyendo imawavuta, ndiye amayi aja anawaumiriza kuti akhale kutsogolo. Kwathu kuno mkamwini ndi apongozi aakazi sakhalirana pafupi, ndipo chikwatirireni ndinali ndisanakhalepo nawo mpando umodzi. Anakwera mwamanyazi, anadzipanikiza kuchitseko, nkhope analozetsa pawindo atafunda chitenje kumutu. Pamiyendo anaikapo ndowa yodzaza mbale zagalasi za mphatso, zimene ankaopa kuti kumbuyo zingasweke. Esinati anati awaperekeza amayi ake. Anakhala kumbuyo m'mphepete, mbali yakumanzere, atagwirira sipika yaikulu kuti isagwe. Tinanyamuka iwo akuimba.

Msewu wochokera kumalayiniko umatsetsereka pakati pa minda ya tiyi. Ndi wa dothi lofiira, limene likangonyowa pang'ono limaterera ngati therere. Kumunsi kwake kuli kamlatho kopapatiza kopanda zitsulo m'mbali, pansi pake miyala yokhayokha. Ndinali nditatsikapo kambirimbiri ndi thirakitala yodzaza masamba, choncho sindinkauopa. Ndinaika giya yotsika, phazi ndinachotsa pa moto, n'kusiya injini kuti izigwira galimoto pang'onopang'ono.

Tili pakati pa mtsetse tayala linagwa m'kadzenje, galimoto n'kugwedezeka. Ndinamva mbale zikulira m'ndowa. Nthawi yomweyo injini inakwera.

Poyamba sindinamvetse. Ndinaganiza kuti chopondera moto chakanirira, ndipo ndinayesa kuchikoka ndi nsonga ya nsapato, koma chinali m'malo mwake. Pikapu inayamba kukoka ngati pali wina akuikankha kumbuyo. Ndinaponda buleki. Matayala akutsogolo anagwira n'kuyamba kuseseleka pamatope, pamene akumbuyo ankapitiriza kukankha. Chiwongolero chinapepuka m'manja mwanga, ndikakhotetsa galimoto osamvera. Ndinasiya buleki kuti ndiwongole, liwiro n'kuwonjezeka. Ndinapondanso, kumbuyo kwa galimoto n'kuyamba kutembenukira kumanja, kumene munda unali wodulira kumene, zitsa zosongoka zili ndandanda kutsetserekera kumtsinje. Kumbuyo nyimbo inali itaduka. Wina ankamenya denga ndi chikhatho.

Pamenepo m'pamene ndinakumbukira kabatani. Ndinaponya diso kumanzere n'kuona kagetsi kake kofiira kakuyaka kuseri kwa ndowa, pafupi ndi bondo la apongozi.

"Amayi, dinani kabatani ako. Kofiirako, pabondo panupo."

Sanadziwe chimene ndinkanena. Akanadziwa bwanji, poti sindinauze munthu aliyense? Anakumbatira ndowa yawo, anatseka maso n'kuyamba kuitana Muluku m'Chilomwe. Kuti ndikafikire ndekha ndinayenera kusiya kuyang'ana msewu, kugwira chiwongolero ndi dzanja limodzi n'kuweramira pamiyendo ya apongozi. Dzanja ndinatambasula, koma linaima m'malere. Kaya anali manyazi, kaya mantha osiya chiwongolero, mpaka lero sindidziwa. Nditadzutsa maso, kamlatho kanali kakuonekera m'nkhungu, ndipo galimoto inkapita chammbali. Ndinadziwa kuti sitikalowapo bwino.

Kumanzere kunali ngalande ya madzi a mvula, ndipo kuseri kwake munda wa tiyi wosadulira, wothithikana. Ndinasiya buleki kuti matayala agwire, n'kupotokola chiwongolero chonse kumanzere. Pikapu inalumpha, inalowetsa mphuno m'tiyi, matayala akumanzere n'kugwera m'ngalande. Inapendekeka kwambiri koma sinagubuduzike. Ndinamva anthu ndi katundu akukhuthukira m'mbali. Injini inali ikulirabe, tayala lakumbuyo likuzungulira m'ngalandemo n'kumaponya matope m'mwamba. Kenako ndinamva kukuwa kumene sindinamvepo chibadwire.

Apo m'pamene dzanja langa linapita pa kiyi n'kuzimitsa injini. Inu owerenga, kiyi ameneyu anali pafupi ndi bondo langa nthawi yonseyi. Ndodo ya giya nayo inali pambali panga, ndikanangoikankhira pa fili, pamene giya sigwira, matayala akanasiya kukankha. Zonsezi ndinkazidziwa, ndinkaphunzitsa ngakhale madalaivala atsopano pa esiteti. Koma mantha akakugwira mutu umangogwira chinthu chimodzi, ndipo wanga unagwira kabatani.

Ndinatulukira pawindo. Amayi ena anali atagwera pamwamba pa tiyi, ndipo tiyiyo anawawakha, anangokalika ndi kusupuka. Esinati anagwera m'ngalande momwe. Sipika inam'panikiza pachifuwa, ndipo mwendo wake wakumanzere unali pansi pa tayala lija limene linkazungulira. Sindifotokoza mmene unkaonekera. Anali maso, akundiyang'ana. Anandifunsa ngati amayi ali bwino. Apongozi anali atatemeka pachipumi ndi mbale zosweka, koma anatuluka okha n'kukwawira kwa mwana wawo.

Amuna a kumalayini anamva phokoso n'kutsika akuthamanga, amake Tadala ali pambuyo pawo. Tinanyamula galimoto ndi mitengo ya bulugamu mpaka tinam'solola Esinati. Mayi wina anang'amba chitenje n'kumanga mwendowo pamwamba pa bondo. Galimoto ya pa esiteti inabwera n'kuwatengera onse kuchipatala cha mishoni, amake Tadala atagoneka mutu wa mng'ono wake pamiyendo. Ine anandiuza kuti nditsale ndidikire apolisi.

Chimene ndinachita nditatsala chimandichititsa manyazi kuposa ngozi yeniyeniyo. Anthu atapatukira kumlatho kukabisala mvula pansi pa mtengo, ndinalowa m'galimoto ngati ndikufuna mapepala. Ndinazula kabokosi kaja ndi mawaya ake, ndinakabisa m'jekete, kenako ndinakaponya pakati pa tiyi. Apolisi atafika ndinawauza kuti injini inangokwera yokha, sindikudziwa chifukwa chake. Analemba, anajambula, n'kunena kuti galimoto ikakokedwa akaiyeze.

Madokotala anayesetsa, koma patapita masiku anatiuza kuti mwendowo sungapulumuke, ndipo akachedwa tikhoza kutaya munthu. Anaudula. Kumudzi nkhani inali itayamba kale kuyenda. Injini yokwera yokha, pa tsiku la chinkhoswe, pamtsetse umene dalaivala wake amaudziwa ngati khonde la nyumba yake, anthu anati zimenezi si zachilungamo. Ena anayamba kuloza zala azakhali ake a mnyamata wofunsira Mphatso, amene pa chinkhoswe anakangana ndi akuchikazi pa nkhani ya malo okhala. Akuchimuna atamva anakwiya, ndipo anatumiza mawu kuti ngati akutchedwa afiti, za ukwati ziyambe zaima. Ine ndinkamva zonsezi n'kukhala chete. Anthu ankabwera kudzandipepesa, kunditamanda kuti ndinapulumutsa miyoyo posagwera kumlatho, ndipo ndinkangogwedeza mutu.

Amake Tadala ankagona kuchipatala podikirira mng'ono wake. Tsiku lina masana anabwera kudzatenga zovala, n'kundipeza nditakhala pakhonde. Sanakhale pansi. Anandiuza kuti apongozi asiya kudya. Akuti pamene galimoto inagwedezeka anamva ndowa yawo ikugunda kanthu, kanthuko n'kulira kuti thapu, injini n'kukwera. Sanauze wina aliyense koma iye. Ankakhulupirira kuti anawononga chinachake m'galimoto mwa mkamwini wawo chifukwa cha umbuli, ndipo ndi iwo amene anadulitsa mwendo wa mwana wawo.

"Ndakhala chete chifukwa ndinu mwamuna wanga," anatero. "Koma amayi anga safera bodza lanu. Mukawauza nokha, kapena ndikawauze ine?"

Sanakweze mawu. Anatenga zovala zija n'kubwerera.

M'mawa mwake ndinapita pamtsetse paja. Ndinalowa m'munda n'kuyamba kufufuza pansi pa tiyi, mzere ndi mzere, mame akundinyowetsa mpaka m'chiuno. Othyola amene ankadutsa ankandiyang'ana ngati ndapenga. Ndinakapeza katakodwa pa nthambi, mawaya ali lendelende, tepi yanga idakali pomwepo.

Ndinayambira kwa apongozi. Anali atakhala pamkeka kuseri kwa nyumba, bala la pachipumi litamatidwa. Ndinagwada chapatali monga mwa mwambo, ndinaika kabokosi pansi pakati pathu, n'kufotokoza zonse kuyambira ku Luchenza. Ndinawauza kuti kabataniko kakanagundidwa ndi aliyense, ngakhale ndi thumba la chimanga, ndipo ndikanasiya mawaya aja mmene anawapangira, kugunda kwawoko sikukanachita kanthu. Anamvetsera nkhope ili kumbali. Nditamaliza anaitana mdzukulu wawo kuti awapatse madzi akumwa.

Kuchipatala ndinam'peza Esinati atatsamira pilo, bulangete litaphwa pamene panayenera kukhala phazi. Anali atawonda. Amake Tadala anaimirira pawindo. Ndinafotokozanso zonse, za mgolo wa madzi, za kabokosi kamene ndinataya m'tiyi, za bodza limene ndinauza apolisi. Ndinkadikira kuti atukwane kapena alire, ndipo mwina zikanandipepukira. Esinati anandiyang'ana n'kundifunsa.

"Ndiye kuti munkadziwa kuyambira Lachisanu?"

Ndinavomera.

"Alamu, mukanangotiuza. Tikanayenda pansi. Kwa amayi si kutali."

Anatembenukira kukhoma. Mawu amenewo ndimawamvabe, chifukwa ndi oona. Kuchokera kumalayini kukafika kumudzi ndi ulendo umene iye ankayenda Lamlungu lililonse mtolo wa nkhuni uli pamutu.

Kuchoka apo ndinapita kupolisi ndi kabokosi kaja n'kusintha mawu anga. Nkhani inapita kukhoti. Anandilipiritsa, laisensi anandilanda kwa nthawi, ndipo a inshuwalansi anakana kuthandiza chifukwa galimoto ndinaisintha ndekha mosatsata njira. Masipika ndi inveta ndinagulitsa kuti tithandizire za kuchipatala. Ndinapitanso ndi ankhoswe kwa akuchimuna kukapepesa azakhali aja, amene anatchedwa mfiti chifukwa cha kukhala chete kwanga. Anandilandira, koma anandiuza mosabisa kuti dzina lawo m'mudzi silidzayeranso ngati kale. Ukwati wa Mphatso unachitika chaka chotsatira. Mayi wake anaonerera atakhala pampando.

Esinati sangathenso kukwera mitunda ya tiyi ndi dengu. A esiteti anam'chitira chifundo n'kumuika ku nazale, kumene amathira dothi m'timachubu ta mbande atakhala pansi. Zimene amalandira n'zochepa poyerekeza ndi zimene ankapeza m'dzinja masamba akachuluka. Ana ake otsala ndikuwaphunzitsa ndine, ndipo sindikunena izi kuti mundiyamikire, chifukwa sizibwezera kanthu. Amabwera kwathu, timadyera limodzi, amandipatsa moni mwaulemu ngati mlendo wochokera ku tchalitchi. Banja langa silinathe, koma panapita nthawi yaitali amake Tadala asanayambenso kundifunsa maganizo pa chilichonse.

Inu owerenga, sindikunena kuti kabokosi kameneka n'koipa. Anzanga ena ali nako, anakaika bwino, ndipo kamawathandiza. Amene anakapanga anadziwa kuti tsiku lina dalaivala adzaiwala, kapena bondo la munthu lidzagunda pamene siliyenera, n'chifukwa chake anaikako mawaya aja. Ine ndinawaona ngati chopinga pa ntchito yanga ya Loweruka. Mukagula chipangizo chilichonse chokhudza injini, mabuleki kapena chiwongolero, chikakana kugwira ntchito, funsani chifukwa chake chikukana musanachikakamize. Wokonza galimoto akakuuzani kuti dikirani, dikirani, ngakhale zikutayitseni ntchito ya tsiku limenelo. Munthu wa pa vidiyo ya pa foni saudziwa mtsetse wa kwanu, ndipo zikavuta simudzam'peza. Musadzinamize kuti muzikumbukira, chifukwa ine ndinakumbukira, ndinazimitsa, ndipo sizinathandize.

Kwa madalaivala anzanga, injini ikadzakwera yokha muli pa ulendo, musataye nthawi kufufuza chimene chachititsa. Chotsani giya muike pa fili, imani, zimitsani. Muziyeseze pabwalo galimoto ili yopanda anthu mpaka dzanja lizolowere, chifukwa pa tsikulo mutu sudzakuthandizani. Ndipo zikakuvutani monga zinandivutira ine, nenani zoona tsiku lomwelo. Masiku amene ndinakhala chete anadwalitsa mayi wokalamba ndi kuipitsa dzina la munthu wosalakwa.

Chomaliza, ngati mukudziwa kuti m'galimoto mwanu muli chinthu chimene simunamalize kukonza, auzeni anthu asanakwere, asankhe okha. Musanatembenuze kiyi, cheukani muwaone amene akhala kumbuyoko. Iwo sadziwa zimene munachita pansi pa dashibodi. Akwera chifukwa oyendetsa ndinu.